Mlamba wa a Namakhwa

Wofatsa? A Namakhwa wofatsa? Mayo ine! Dzana lija kumanda ndinachita kudziluma lilime, apo ayi mwambo ukadathera panjira. Munthu waima kumutu kwa bokosi, ndodo m'manja, amvekere: "Abale anga, malemuwa anali munthu wofatsa. Chibadwire sanakanganepo ndi munthu." Ndiye woyankhula ndani? A Likaka! A Likaka omwe aja anali tcheyamani kuno nthawi ya chipani chimodzi. Lero ati ndi mkulu wa mpingo, jekete yakuda, buku la nyimbo kukhwapa. Iwe Esinati, tenga cholembera. Ine sukulu ndinkangoidutsa panja popita kudimba, koma pakamwa ndili napo. Lemba mmene ndikuyankhuliramu, usakonze.

A Namakhwa anali alamu anga, akulu awo a malemu agogo ako aamuna. Makolo awo anachokera kummawa uko, kutsidya kwa nyanja, ndipo akakwiya Chilomwe chinkangotuluka chokha. Ine ankanditcha Wailesi. "Alamu a Wailesi, tatsitsani pang'ono, mabatire atha." Ine ndimvekere, "Mabatirewo munagula ndinu?" Tinkatero m'mawa uliwonse, m'malo mwa moni.

Munthu ameneyu chinthu cha kusitolo sichinkagona m'nyumba mwake chili mmene chabwerera. Agula njinga, mawa lake pamadigadi paima kakowa wa penti. Mpini wa khasu ausema mutu wa bakha. Ankati chinthu chimene ukugwira nacho ntchito chizikudziwa mwini wake, ndipo chizioneka kuti kwawo n'kuno. Abusa ena anawapempha kuti ajambule asodzi aja a Ambuye pakhoma la tchalitchi. Iwo kujambula asodzi a ku Kachulu enieni, makabudula azigamba, matemba ali mbwee. Abusa amvekere, "Bambo Namakhwa, anthu oyera sanavale zong'ambika chonchi." Iwo: "Munawaona?" Mkangano wake unafika mpaka Khirisimasi. Ameneyo ndiye wofatsa wa a Likaka.

Nde kumapeto kwa nthawi ya chipani chimodzi ija, ngakhale ife sitinkadziwa kuti n'kumapeto, kunabwera pulojekiti ya azungu. Ankayeza madzi a m'ngalande za mpunga kusikimu kuno ku Likangala, n'kumafufuzanso za nsomba. Anamanga kaofesi ka malata m'mbali mwa ngalande yaikulu. A Namakhwa anawalemba ntchito chifukwa chodziwa kujambula mapu. Ine ndinkasesa ndi kutunga madzi. Woyang'anira anali mzungu wamkazi, wamtali ngati nsungwi, tinkangomuti Dona.

Dona ameneyo ndiye anabweretsa kompyuta. Inu a masiku ano mumaiyesa chinthu wamba, koma ife kanema amene tinali tisanamuonepo. Jenereta ikati du-du-du kuseri, kagalasi kaja n'kuyera, anthu ankasiya makasu kudzasuzumira pawindo. Pambali panali kanthu ka mchira, ati mbewa. Ukakakankha patebulo, kamuvi kamayenda m'galasimo. Ndiye m'galasimo munali tizithunzi ting'onoting'ono ngati chikhadabo. Ukadina kamodzi, kamatsegula nkhani zake: aka za alimi, aka za asodzi, aka za madzi. Koma tonse tinali timaenvelopu tofanana.

A Namakhwa anatiyang'ana tizithunzi timeneto, tsinya lili gwa. "Tonse yunifomu imodzi, ngati amayi pamsonkhano wa chipani. Ndidziwa bwanji kuti uyu ndi msodzi, uyu ndi mlimi?"

Sanachedwe kutulukira kuti m'makinamo muli kachida kotsegulira mimba yake. Osati ndi sipanala ayi, ndi mbewa yomweyo. Ukatsegula umapeza nkhokwe mmene makina amasungamo tizithunzi take tonse. Ukatola kamodzi, kamakula n'kudzaza galasi lonse, ndiye umaona kuti kodi ndi timabokosi tandandandanda, tina takuda tina toyera, ngati maluko a lichero. Ukadina koyera kamada, ukadina kakuda kamayera. Basi! Alamu anga chimwemwe chake ngati mwana wapatsidwa mpira.

Dona kuwapezerera, amvekere, "Bambo Namakhwa, ayi gwira uko! Uko mtima ya makina. Inu lakwitsa pang'ono, makina kufa!"

Iwo: "Chabwino, Dona."

Chabwino wa a Namakhwa ndinkamudziwa ine. Dona atangokwera galimoto, iwo m'nkhokwe muja. Ndipo tsiku lina makina anafadi. Kuyatsa jenereta, galasi lili bii. Anawakulunga m'bulangete ngati wodwala, ulendo ku Zomba. Dona masiku angapo osawayankhula. Pobwera makina achira, koma timaenvelopu tija tabwerera tonse. Ukuganiza analeka? Anangophunzirapo chimodzi: asanakhudze nkhokwe ija, ankayamba akopera ina pambali, ati mlimi sadya mbewu. Dona anatopa nawo. Anangogwira m'chiuno n'kupukusa mutu.

Kajambulidwe kake sankayambira pamakina ayi. Ankayambira pakhonde pawo. Anatenga msomali n'kulemba mizere padothi lozira lija, ina chotere ina chopingasa, mpaka panakhala timabokosi tofanana ndi ta m'galasi tija. Ndiye madzulo akaweruka amakhala pansi, mbale ya tizidutswa ta makala uku, mbale ya chimanga choyera uku, n'kumaika kamodzikamodzi ngati akusewera bawo okha. Kenako amadzuka, n'kubwerera chafutambuyo mpaka pamtengo wa mango, diso limodzi atatsinzina. Ankati chithunzi chaching'ono chili ngati mbiri ya munthu, umachiona bwino uli patali. Nkhuku zinali adani awo. "Psi! Wandidyera diso la msodzi!" Chikakhala bwino, m'mawa amakachisamutsira m'makina.

Nkhani za alimi anaziika ngala ya mpunga. Za asodzi, matemba pathandala. Za madzi, geti la ngalande. Za gulu la amayi, mzimayi wasenza dengu, kukamwa kuli yasa.

Ndimvekere, "Alamu, uyu ndani?"

"Ndinu amene. Ndayesetsa kutseka pakamwapo koma timabokosi takana."

Ndinawathamangitsa ndi tsache kuzungulira ofesi. Koma ndisakunamize, wobwera aliyense ndinkamukokera pawindo: "Taonani, ndili m'kompyuta!"

Tsono pakona pansi panali kachithunzi kena, kachitini kovundikira. Ife tinkayesa ndi kosungira mchere. Kodi kwawo kwa azungu ndi motayamo zinyalala. Pepala lililonse losafunika m'makinamo umalikoka ndi mbewa n'kuliponya mmenemo, kachitini n'kufufuma. Ukakhuthula, kamaphwa. A Namakhwa amvekere, "Kuno wodya zinyalala timamudziwa." Anajambula mlamba. Paja mlamba susankha, umadya ndi zija sindingatchule pano. Anajambula iwiri, woonda ndi wokhuta. Ukauponyera pepala, mimba tuu! Ndevu zili nyang'anyang'a. Anthu ankachita kupempha pawindo: "A Namakhwa, taudyetsaninso!"

Ndisanafike pa a Likaka, imva kaye iyi, apo ayi suwamvetsa alamu anga. Kale, ali mnyamata, anali mphunzitsi pasukulu ina cha kwa Kuntumanji. Kunamveka kuti Mwinidziko adutsa mumsewu. Dzina lake sinditchula, pakamwa panga panazolowera kulilambalala. Analamula kuti nkhope yake ijambulidwe pakhoma la sukulu, ndipo wojambula anali a Namakhwa. Anaijambula bwino, anthu kuomba m'manja. Koma penti anali wachabechabe. Mvula itawomba pakhomapo, diso limodzi linasungunuka n'kutsetsereka mpaka pachibwano. Kunabwera galimoto, n'kutenga ahedi a pasukulupo, bambo wa ana, wodwaladwala chifuwa. A Namakhwa anathamangira kuboma: "Wojambula ndine!" Anawathamangitsa, ati khoma ndi la ahedi. Ahediwo sanabwerenso. Kunangobwera jekete. Alamu anga anasiya choko tsiku lomwelo n'kubwera kudzalima mpunga, ndipo analumbira kuti manja awo sadzajambulanso nkhope imeneyo. Ankati inadya kale munthu mmodzi kudzera m'zala zawo.

Nde tibwerere kuofesi kuja: chaka chimene anajambula mlamba chija, Dona anapita kwawo kutchuthi. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, a Likaka tolotolo, ndi anyamata awiri a malaya ofiira. Ntchito yawo inali kuyendera masitolo ndi maofesi, kuona ngati chithunzi cha Mwinidziko chili pakhoma, ndiponso ngati chili pamwamba pa zonse. Ngakhale wotchi sinkaloledwa kuchipitirira. Chathu chinalipo, ndinkachipukuta ndine. Atembenuka, maso pagalasi.

"Ichi n'chiyani?"

"Kompyuta, a tcheyamani."

"Muli zithunzi."

"Zilimo."

"Uyu wayasamulayu ndani?"

"Alamu angawa."

"Haa! Wosesa ali mkati, Mwinidziko ali panja?"

A Namakhwa anangopitiriza ntchito yawo. Akoka pepala, aponyera mlamba, mimba tuu. Akhuthula. Akoka lina, aponya, tuu.

A Likaka amvekere, "Taimani. Tabwerezani." Awerama, mphuno pafupi ndi galasi. "Wampunga akupereka kwa iyeyu?"

"Eya."

"Wamatemba naye?"

"Naye."

"Nanga iyeyu amapereka kwa ndani?"

"Sapereka kwa munthu. Amangolandira."

"Ndipo akunenepa."

"Akunenepa."

A Likaka anaongoka, chifuwa patsogolo. Paja munthu ameneyu ndi amene ankayenda khomo ndi khomo kutolera mazira, nkhuku, mpunga, ati mphatso za Mwinidziko. Za wolandira kwa onse ankazidziwa bwino kuposa ife. Amvekere, "Anyamata, mwaona? Mpando wa wamkulu ndi umenewu. Tsono nsomba ikutani pampando wa Mwinidziko? Namakhwa, chotsa chimlamba chakochi, uikepo nkhope. Loweruka ndibwera ndi anthu, tidzaombere m'manja."

Esinati, ine ndinathawira kuseri kwa jenereta, chitenje kukamwa, misozi ili chuchuchu. Madzulo ake ndinathamangira pakhonde pawo. Ndinawapeza akhala, mbale ziwiri zija zili pambali, timabokosi tili mbee, topanda kanthu.

"Alamu, jambulani! Mulungu watipatsa yekha. Tizimudyetsa zinyalala tsiku ndi tsiku, ife tikuseka chamumtima. Adziwa ndani?"

Amvekere, "Kuseka kwa m'chitenje ndatopa nako, alamu. Takalamba tikusekera kuseri kwa jenereta."

"Nanga mukufuna tisekere kundende?"

"Tamverani. Mawa kubwera bwana wa ku Zomba wodziwa makina. Aona nkhope padzala. Afunsa kuti analamula ndani. Atenga ndani?"

"Atenge Likaka yemweyo! Anandilanda nkhuku yoikira!"

"Likaka ndi chitsiru, koma ali ndi ana. Ahedi aja analinso ndi ana."

"Chabwino, muuzeni kuti ndi padzala, nkhopeyo muiike pena. Pageti, padengu, ndichotseni ineyo ngati mukufuna. Timakala tingati kodi? Mungofera timakala?"

Iwo anatola kakhala kamodzi, n'kukabweza m'mbale. "A Wailesi, lero mwagwira siteshoni yolakwika."

Loweruka anthu anadzaza, mpaka ena kukwera pamilambala ya ngalande. Ife amayi tavala nsalu ya chipani, nkhope kutsogolo, nkhope kumbuyo, tikuimba pakhomo. Nanga ukadakana? A Likaka analankhula mpaka thukuta, ati lero Mwinidziko alowa m'makina a azungu, azungu adziwe kuti dziko lili ndi mwini. Kenako: "Yatsani!"

Du-du-du. Galasi kuyera. Ngala ya mpunga ilipo. Matemba alipo. Ine ndilipo, kukamwa yasa. Pakona, mlamba uli phee, ndevu zake zomwe zija.

Maso onse kwa a Namakhwa.

A Namakhwa anaimirira, n'kuvula chipewa mwaulemu wonse. "A tcheyamani, pamene munalozapa ndi padzala. Mlambawu umadya zinyalala. Zonse mumaona ndikuupatsa zija ndi zotaya. Ndikadaika nkhope pamenepa, tsiku lina akadabwera odziwa n'kufunsa kuti analamula ndani. Anthu onsewa akumvani ndi makutu awo."

A Likaka nkhope inachita phulusa. Anyamata a malaya ofiira aja kuyang'anana. Munthu wina kumbuyo anatsokomola chitsokomolo chija chobisa phwete. Ndinaona a Likaka akufunafuna potulukira. Amvekere, "Eee, chabwino. Wachita bwino kunena. Ndiye uike pamwamba. Pamwamba pa zonse. Pompano."

Ine mumtima: alamu, khomo ndi limenelo, tulukani. Akadangoti chabwino wawo uja, bwenzi nkhani itatha, a Likaka n'kuwathokozanso.

Iwo: "Ayi."

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi. Padzala sindijambula, pamwamba sindijambula. Nkhope imeneyo ili pakhoma, ili pabaji yanuyo, ili m'sitolo, ili m'kalasi, ili mpaka kumbuyo kwa alamu angawa, akakhala pansi amaikhalira. Sinakwane? M'timabokosi tangati mokha musiyemo mlamba."

Mayo! Amayi ena anagwira kumutu, ena anayamba kusowa mmodzimmodzi ngati ayitanidwa. A Likaka anawaloza chala. Munthu wapulumutsidwa pagulu, wachititsidwanso manyazi pagulu lomwelo, ndipo chimene anamva kuwawa ndi manyaziwo. "Mwamva nonse! Wanyoza! Mugwireni!"

Sanalimbane nawo. Anandipatsa chipewa chawo, amvekere, "Alamu, mukazimitse jenereta, mafuta akupita pachabe."

Apo ndiye wailesi inatsegulidwa yonse. "Likaka iwe! Wakuchotsa m'kamwa mwa ng'ona munthu ameneyu! Ukadapita ndiwe! Ukadapita ndiwe, galu iwe!" Amayi anzanga anandigwetsa pansi, wina kunditseka pakamwa ndi nsalu ya chipani yomweyo. Ndinailuma. Kaya ndinaluma diso, kaya mphuno.

Mpunga tinakolola, tinaokanso wina, munthu osabwera. Kumene anali sitinkatchula, tinkangoloza ndi mlomo. Dona atabwera analira, anayendayenda m'maofesi, osaphula kanthu. Kunabwera anthu a mataye, n'kufufuta zonse za m'makina, timaenvelopu tija n'kubwerera. Ine ndinatuluka m'kompyuta osatsanzika. Pulojekiti nayo sinakhalitse, ananyamula katundu wawo.

Anatulutsidwa mphepo itayamba kutembenuka m'dziko muno. Anatsika pamatola ataonda ngati bango, zala za dzanja lamanja zitapindika ngati mizu ya chinangwa. Ine kulira. Iwo: "A Wailesi, mabatire sanathebe?" Za kumeneko sanafotokozepo, ngakhale kwa mng'ono wawo. Anangopempha makala ndi chimanga, n'kuyamba kuphunzitsa dzanja lamanzere.

Ndiye wofatsa? Akakumana ndi a Likaka pamlambala, pamene palibe popatukira, ankaima, n'kufufumitsa masaya onse awiri, tuu! "Mwadya, a tcheyamani?" Zaka zonsezi, mpaka onse awiri ndodo m'manja. A Likaka ankalolera kutsikira m'matope. Tsiku lina akazi awo anabweretsa nkhuku, ati tikhululukirane. A Namakhwa analandira, anadya, anayamikira kuti inali yonona. M'mawa mwake pamlambala: "Mwadya, a tcheyamani?"

Ndipo iwe wemwe sunaiwale. Suja unabwera ndi foni yako yatsopano, iwo n'kukufunsa kuti tizithunzi ta mmenemo wasinthapo tingati? Iwe uli, "Agogo, timabwera choncho." Anakuyang'ana ngati wanena kuti umadya mpunga ndi mankhusu omwe.

Dzana lija, a Likaka atatha bodza lawo, anatola dothi kuti aponye m'manda. Dothi lonse linawapulumuka n'kuthera pansapato pawo. Anaima pamenepo, akuyang'ana bokosi, masaya ali phwa. Ndinafuna kukuwa. Ndinawasiya. Akudziwa okha amene anayenera kukwera galimoto inatenga alamu anga ija.

Dzulo ndinapita kunyumba kwawo. Njinga ya kakowa yatsamira khoma, matayala aphwa. Chipewa chili pamsomali. Mbale ziwiri zija zikadali pakhonde: ya makala ndi yodzaza, ya chimanga nkhuku zamaliza, palibenso wozinena psi. Mizere ija ilipo, inalowa m'dothi ngati mphini, chifukwa ankaibwereza ndi msomali chaka ndi chaka. Ndinapeza mwana wawo wamkazi wakanda dothi lakuda m'beseni, ati azire khonde, alendo a maliro aliwononga.

Ndimvekere, "Zira uko, zira uko, koma apa usayandikire."

"Amayi aang'ono, pamenepa palibe chithunzi. Ndi timabokosi chabe topanda kanthu."

"Ndikuona. Bwerera chafutambuyo mpaka pamango apo, utsinzine diso limodzi. Ukuona nkhope ya munthu aliyense?"

"Ayi."

"Eya. Anapereka zala kuti pakhale choncho. Chotsa beseni lakolo."